Chiboliboli cha Millicent Fawcett chili pamalo ake oyenera

Pa 24 Epulo 2018, mumzinda wa London adavundukula chiboliboli cha Millicent Fawcett pabwalo la Parliament Square, moyang'anizana ndi Nyumba ya Malamulo ya dziko la Britain. Pabwalopo padali kale ziboliboli 11, zonse za amuna, kuphatikizapo cha Winston Churchill, cha Mahatma Gandhi ndi cha Nelson Mandela, ndipo ichi chidali choyamba cha munthu wamkazi. Ambiri adakondwera, koma padabukanso mkangano. Ena adati ulemu umenewo udayenera kupita kwa Emmeline Pankhurst, mtsogoleri wa amayi amene ankaswa magalasi, kutentha nyumba ndi kunyanyala chakudya m'ndende pomenyera ufulu woponya voti, osati kwa mayi amene moyo wake wonse ankangolemba makalata ndi kuchititsa misonkhano. Mkanganowu ndi woposa nkhani ya chiboliboli, chifukwa funso lake ndi lakuti kodi boma louma mutu limagonjera chiyani, mantha kapena kuchuluka kwa anthu amene akopedwa mtima. Ine ndili kumbali ya Fawcett. Ndikukhulupirira kuti amayi a ku Britain sakadapeza ufulu wovota mu 1918 pakadapanda ntchito yotopetsa imene mayiyu adaigwira kwa zaka zoposa 50, ndipo ndikukhulupiriranso kuti ziwawa za m'zaka za 1912 mpaka 1914 zidaichedwetsa nkhaniyi m'malo moifulumizitsa.

Tisanafike pa zifukwa za otsutsa, ndi bwino timudziwe munthuyo. Millicent Garrett adabadwa mu 1847 m'tauni ya m'mphepete mwa nyanja ya Aldeburgh, m'banja la munthu wamalonda amene ankafuna kuti ana ake aakazi aphunzire. Mkulu wake, Elizabeth Garrett Anderson, ndiye mkazi woyamba kupeza chilolezo cha udokotala m'dzikolo. Mu 1866, asanakwanitse n'komwe zaka 20, Millicent adathandiza kusonkhanitsa mayina pa chikalata chopempha kuti amayi azivota, chimene amayi pafupifupi 1,500 adasaina ndipo phungu John Stuart Mill adakachitula ku Nyumba ya Malamulo. Chaka chotsatira Mill adayesa kulowetsa amayi m'lamulo la zisankho, koma aphungu 73 okha ndiwo adamuvomereza. M'chaka chomwecho cha 1867 Millicent adakwatiwa ndi Henry Fawcett, phungu wa Brighton amenenso adali mphunzitsi wa zachuma payunivesite ya Cambridge. Bamboyu adali wosaona chifukwa cha ngozi ya mfuti, motero mkazi wake ndiye ankamuwerengera nyuzipepala ndi zikalata za boma, kumulembera makalata ndi kumuperekeza ku Nyumba ya Malamulo. Apa ndi pamene mayiyu adaphunzira chinthu chimene omenyera ufulu ambiri sachilabadira, ndicho kudziwa mmene bilu imayendera, pamene imafera, ndi amene ali ndi mphamvu yoipatsa nthawi kapena kuimana. Atalankhula koyamba pagulu mu 1869, phungu wina adadandaula m'Nyumbamo kuti akazi awiri a aphungu adzichotsa ulemu polankhula pamsonkhano. Iye sadaleke. Mwamuna wake atamwalira mu 1884, mayiyu ali ndi zaka 37, adadzipereka kotheratu pantchitoyi, ndipo mu 1897 magulu ang'onoang'ono a m'matauni osiyanasiyana adalumikizana kukhala bungwe limodzi la National Union of Women's Suffrage Societies, lomwe mwachidule ndi NUWSS, iye ali patsogolo.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi yamphamvu, ndipo siyenera kupeputsidwa. Iwo amati kuyambira 1866 mpaka 1903, pamene Pankhurst adayambitsa bungwe lake la Women's Social and Political Union kapena kuti WSPU mumzinda wa Manchester, padapita zaka pafupifupi 40 za makalata aulemu popanda chooneka. Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma otsutsawa amafunsa kuti munthu angadekhe mpaka liti, poti amayi amene adasaina chikalata choyamba chija ambiri adamwalira asanaponyepo voti. Amati nyuzipepala zidali zitaiiwala nkhaniyi mpaka mu 1905, pamene Christabel Pankhurst, mwana wa Emmeline, ndi Annie Kenney adasokoneza msonkhano wa chipani cha Liberal ku Manchester, namangidwa, nasankha kulowa m'ndende m'malo molipira chindapusa. Zonsezi ndi zoona, ndipo Fawcett mwini wake adazivomereza. Mu 1906 adanena poyera kuti amayi olimba mtimawa adachita zambiri m'miyezi 12 kuposa zimene gulu lake lidachita m'zaka 12, ndipo kumapeto kwa chaka chimenecho adakonzera phwando ku hotela ya Savoy amayi amene adangotuluka kumene m'ndende. Komabe tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene otsutsa amaziphatikiza. Kudula nduna pakamwa pamsonkhano, kuguba mumsewu ndi kulola kumangidwa, zimenezo zidakopa chifundo cha anthu, ndipo ngakhale bungwe la Fawcett lidapindula nazo chifukwa mamembala ake adachuluka. Koma kuyambira 1912 njira idasintha, ndipo zotsatira zake zikuoneka m'mavoti a aphungu. Mu 1911 bilu yopatsa amayi ena ufulu wovota idadutsa gawo lachiwiri ndi mavoti 255 kwa 88. Kumayambiriro kwa Malichi 1912 amayi a WSPU adalowa m'misewu ya masitolo akuluakulu a London atabisa hamala m'zovala, ndipo nthawi imodzi adayamba kuswa magalasi a mawindo. Mwezi womwewo usanathe, bilu yofanana ndi ija idagwa ndi mavoti 222 kwa 208.

Munthu wachilungamo ayenera kuonjezera kuti magalasi okha sindiwo adagwetsa biluyo. Aphungu a ku Ireland adaikana pofuna kuteteza boma la nduna yaikulu Herbert Asquith, limene lidawalonjeza ufulu wodzilamulira, ndipo Asquith mwini wake adali mdani wa nkhani ya amayi kuyambira kale. Ngakhale zili choncho, aphungu angapo amene adavomereza mu 1911 adabwerera m'mbuyo mu 1912, ndipo ziwawazo zidawapatsa pothawira. M'malo mobwerera, WSPU idapitirira: mu 1913 amayi ake ankathira mankhwala m'mabokosi a makalata, kutentha nyumba zopanda anthu ndi masiteshoni a sitima, mpaka kuphulitsa bomba panyumba imene ankamangira David Lloyd George, nduna imene idali kumbali ya amayi. Bilu ina m'chaka chimenecho idagwanso. Tiyerekeze ndi mudzi umene ukufuna mlatho. Achinyamata akatseka msewu tsiku limodzi, akuluakulu a boma amadzidzimuka n'kufunsa kuti vuto n'chiyani, ndipo phokosolo lagwira ntchito yake. Koma akayamba kutentha magolosale a pamsika, eni magolosale amene dzulo ankafuna mlatho womwewo lero akufuna apolisi, ndipo mkulu wa boma amene sankafuna kutulutsa ndalama wapeza chonena, chakuti iye sakambirana ndi anthu owononga. Nkhani ya mlatho yasanduka nkhani ya chitetezo. Izi ndi zimene Fawcett adaziona msanga, n'chifukwa chake adalekana ndi njira za WSPU poyera, ngakhale sadaleke kudzudzula boma kuti ndilo lidaputa mkwiyowo ndi malonjezo ake onama.

Mfundo yachiwiri imakhudza mtima kwambiri. Otsutsa amati ulemu uyenera kupita kwa amene adavutika, ndipo Fawcett sadagonepo m'ndende ngakhale usiku umodzi. Amayi oposa 1,000 adamangidwa m'zaka zimenezo. Amene ankanyanyala chakudya, kuyambira 1909, ankawadyetsa mokakamiza: oyang'anira ndende ankampanikiza mayi pampando, dokotala n'kumulowetsa chubu cha labala m'mphuno kapena kukhosi mpaka m'mimba, n'kuthiramo mkaka ndi mazira, ndipo ena adatuluka m'ndende thanzi lawo litaonongekeratu. Mu 1913 boma lidakhazikitsa lamulo lomasula mkaidi akafooka ndi njala n'kudzamumanganso akapezako bwino, ndipo Emmeline Pankhurst adalowa ndi kutuluka m'ndende kangapo konse mwa njira imeneyi. Mu Juni chaka chomwecho Emily Wilding Davison adalowa m'bwalo la mpikisano wa akavalo ku Epsom, nagundidwa ndi kavalo wa mfumu, ndipo adamwalira patapita masiku anayi. Palibe munthu wamtima amene angawerenge zimenezi osagwidwa chisoni. Koma kuvutika ndi kupambana ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo funso lathu ndi lakuti ndani adasuntha lamulo. Kuonjezera apo, sizoona kuti ovutikawo adaiwalika. Pankhurst ali ndi chiboliboli chake pafupi ndi Nyumba ya Malamulo yomweyo, m'munda wa Victoria Tower Gardens, kuyambira 1930, kutanthauza kuti kwa zaka 88 woiwalika adali Fawcett. Patsinde la chiboliboli chatsopanochi adalembapo mayina a anthu 59 amene adamenya nawo nkhondoyi, kuphatikizapo Pankhurst ndi Davison, ndipo mawu amene ali pansalu imene Fawcett wanyamula, onena kuti kulimba mtima kumadzutsa kulimba mtima kwina paliponse, adawalemba iye mwini pokumbukira imfa ya Davison.

Palinso china chimene nkhani za magalasi zimaphimba, ndicho kukula ndi kayendetsedwe ka mabungwe awiriwa. Pofika 1913 bungwe la Fawcett lidali ndi mamembala pafupifupi 50,000 ndi nthambi mazanamazana m'dziko lonse, atsogoleri ake ankachita kusankhidwa, ndipo mfundo ankazikambirana pamsonkhano waukulu. WSPU, mosiyana ndi zimenezi, inkayendetsedwa ndi Emmeline ndi mwana wake Christabel popanda wowafunsa. Amene adadandaula za ulamuliro wotere adachoka mu 1907, banja la Pethick-Lawrence limene linkathandiza kwambiri ndi ndalama lidachotsedwa mu 1912 chifukwa chokana zotentha nyumba, ndipo mu 1914 ngakhale Sylvia Pankhurst, mwana wa m'nyumba momwemo, adapirikitsidwa chifukwa chogwirizana ndi amayi osauka a kum'mawa kwa London ndi mabungwe a anthu apantchito. N'zodabwitsa ndithu kuti bungwe lomenyera voti silinkalola mamembala ake kuvota. Chilimwe chomwecho chimene Davison adamwalira, amayi a NUWSS adanyamuka wapansi kuchokera kumalekezero a dziko, ena ku Carlisle, ena ku Newcastle, ena ku Land's End, nayenda milungu isanu ndi umodzi akuchititsa misonkhano m'tauni iliyonse. M'malo ena adagendedwa ndi anthu amene ankawayesa otentha nyumba aja, zomwe zikuonetsa mtolo umene ziwawa zidawasenzetsa. Pa 26 Julaye 1913 adakumana ku Hyde Park, anthu pafupifupi 50,000, ndipo mwezi wotsatira Asquith adalola kukumana ndi nthumwi zawo.

Gulu lachitatu la otsutsa limati tonse tikungotaya nthawi, chifukwa amayi adapeza voti kaamba ka nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene adalowa m'mafakitale a zipolopolo, m'minda ndi m'maofesi amuna atapita kunkhondo, ndiye boma lidangowathokoza. Mfundoyi imagwa tikayang'ana maiko ena. Amayi a ku France adagwira ntchito zomwezo m'nkhondo yomweyo, koma adadikira mpaka 1944. Ku New Zealand amayi adapeza voti mu 1893, popanda nkhondo komanso popanda galasi losweka, Kate Sheppard ndi anzake atasonkhanitsa mayina pafupifupi 32,000 pa chikalata. Chimene nkhondo idachita ku Britain ndi kutsegula mpata. Lamulo lakale linkafuna kuti mwamuna akhale pamalo amodzi kwa chaka chathunthu kuti alembedwe m'kaundula wa ovota, choncho asilikali ambiri amene adali kunkhondo adataya ufulu wawo, ndipo boma lidakakamizika kukonza lamulo la zisankho. Mpata ukatseguka pamafunika wina woti alowepo. Nthawi imeneyo WSPU idali itasiya nkhani ya voti n'kuyamba kukopa amuna kuti apite kunkhondo, pamene Fawcett, ngakhale naye adaimitsa misonkhano yandale n'kutembenuzira bungwe lake ku ntchito zothandiza ovutika ndi nkhondo, adasunga nthambi zake zamoyo ndipo adachenjeza boma kuti likangokulitsa kaundula wa amuna, nkhani ya amayi iyenera kulowamo. Adalinso ndi abwenzi m'Nyumbamo amene adawapeza kale, chifukwa mu 1912, atatopa ndi chinyengo cha chipani cha Liberal, adatsogolera bungwe lake kukhazikitsa thumba la ndalama lothandiza oimira chipani cha Labour pa zisankho zapadera, ndipo chipanicho chidalonjeza kukana lamulo lililonse la zisankho losiya amayi kunja. Ndikuvomereza kuti andale ena ankaopa kuti ziwawa zingadzayambirenso nkhondo ikatha, ndipo mantha amenewo adathandizako. Koma mantha sakhala patebulo kukambirana ndime za bilu.

Mfundo yachinayi ndi imene ife a kum'mwera kwa Africa sitingailumphe, ndipo pano sindingamuikire kumbuyo mayiyu. Fawcett ankakhulupirira ufumu wa atsamunda wa Britain, ndipo adagwirizana ndi nkhondo ya dziko lake yolimbana ndi Mabunu ku South Africa. Mu 1901 boma lidamutuma kutsogolera gulu la amayi okafufuza za misasa imene asilikali a Britain adatsekeramo akazi ndi ana a Mabunu, Emily Hobhouse ataulula za imfa zoopsa m'misasamo. Lipoti lake lidatsimikiza zambiri zimene Hobhouse adanena, lidalimbikitsa kuonjezera chakudya, anamwino ndi zipangizo zowiritsira madzi, ndipo imfa zidachepa m'chaka chotsatira. Koma lipoti lomwelo lidaloza chala amayi a Chibunu kuti nawonso ankaphetsa ana awo ndi uve, ndipo choipitsitsa, gulu lakelo silidapite kukaona misasa ya anthu akuda, m'mene mudafa anthu osachepera 14,000 pambali pa Mabunu pafupifupi 28,000 amene adafa m'misasa yawo. Pa nkhondo imeneyi Pankhurst adaima pabwino kuposa Fawcett, chifukwa iye adaitsutsa, ngakhale m'zaka zake zomaliza nayenso adasanduka wotamanda ufumuwo n'kulowa chipani cha Conservative. Tisaiwalenso kuti lamulo la 1918 silidapatse voti munthu wakuda aliyense wa ku Nyasaland kapena Northern Rhodesia, mwamuna kapena mkazi, ngakhale maikowa ankalamulidwa kuchokera ku London komweko. Yankho langa ndi lakuti mbiri imeneyi iyenera kunenedwa paliponse pamene dzina la Fawcett likutchulidwa, popanda kuikometsa. Koma siisintha yankho la funso lakuti ndani adatsogolera amayi a ku Britain kufika pa lamulo la 1918, limene chibolibolicho chidaimikidwa pokumbukira kuti lakwanitsa zaka 100.

Chotsala ndi chidzudzulo chakuti Fawcett adagulitsa atsikana amene adagwira ntchito yoopsa m'mafakitale. Msonkhano wa aphungu a zipani zonse, umene Sipikala wa Nyumba adautsogolera mu 1916 ndi 1917, udavomereza kuti amayi azivota koma ndi malire a zaka, pofuna kuti ovota aakazi asachuluke kuposa aamuna, poti nkhondo idali itapha amuna ambiri. Lamulo limene lidasainidwa pa 6 Febuluwale 1918 lidapatsa voti pafupifupi mwamuna aliyense wa zaka 21, koma mkazi ankayenera kukhala wa zaka 30 komanso wokhala ndi nyumba kapena wokwatiwa ndi mwini nyumba. Mtsikana wa zaka 22 amene khungu lake lidasanduka lachikasu ndi mankhwala a mabomba adatsala kunja, ndipo kumeneko kudali kupanda chilungamo koonekeratu. Fawcett adadziwa zimenezi, komabe adalimbikitsa mabungwe a amayi kuti alandire. Kuganiza kwake kudali kwa munthu amene adaona mabilu ambiri akufa kuyambira 1867: kukana theka chifukwa chofuna chathunthu kukadapatsa adani mwayi wochotsamo amayi onse, pamene kulandira kukadathyola mfundo yaikulu yakuti mkazi sangavote chifukwa ndi mkazi. Ndime ya amayi idadutsa m'Nyumba ya aphungu ndi mavoti 385 kwa 55, ndipo amayi pafupifupi 8.4 miliyoni adalowa m'kaundula. Kuyambira pamenepo phungu aliyense adali ndi ovota aakazi m'dera lake oti awaope, ndipo malire a zaka 30 adasanduka chinthu chovuta kuchiteteza pamaso pa amayi amene ana awo aakazi ankamanidwa.

Zaka khumi zokha zidakwana kutsimikiza kuti adawerengera bwino. Mu Julaye 1928 lamulo lidasinthidwa kuti mkazi azivota pa zaka 21 mofanana ndi mwamuna, ndipo sipadafunike kuswa galasi ngakhale limodzi kuti zimenezi zitheke. Emmeline Pankhurst adamwalira pa 14 Juni chaka chimenecho, kutatsala milungu yochepa kuti lamulolo lisainidwe. Fawcett, ali ndi zaka 81, adali m'Nyumba ya Malamulo kuonerera tsiku limene lidavomerezedwa, patapita zaka 62 chiyambireni kuyenda ndi chikalata chija cha 1866. Adamwalira pa 5 Ogasiti 1929, miyezi iwiri chichitikireni chisankho cha pa 30 Meyi, choyamba chimene atsikana a zaka 21 adaponya nawo voti.